Mabuku 723 a munthu mmodzi: kodi Barbara Cartland ankalemba chiyani, nanga ankatha bwanji?

Barbara Cartland, mlembi wa nkhani zachikondi wa ku Britain, anamwalira pa 21 Meyi 2000, kutatsala milungu yowerengeka kuti akwanitse zaka 99. Patapita zaka zinayi, mabuku atsopano okhala ndi dzina lake anayambanso kutuluka, ndipo anapitiriza kutero kwa zaka zambiri. Sanali mabuku akale ongowasintha chikuto ayi. Zinali nkhani 160 zimene mayiyu anasiya zitalembedwa kale koma zisanasindikizidwe, kuwonjezera pa mabuku 723 amene anatulutsa ali moyo. Mwana wake Ian McCorquodale ndiye anayang'anira ntchito yozitulutsa.

Munthu akamva ziwerengero zotere amaganiza ziwiri: mwina nzokokomeza, mwina panali anthu ena omulembera kuseri. Ndipo masiku ano, pamene makompyuta ayamba kutulutsa nkhani yathunthu m'mphindi zochepa, funso lakale lija labwereranso: kodi buku lolembedwa mothamanga chonchi, motsatira njira yodziwika kale, tingalitche luso kapena ndi malonda chabe? Kuti munthu adziyankhe yekha, afunika kudziwa kaye mtundu wa mabukuwa, msika umene unkawafuna, ndi mmene mayiyu ankagwirira ntchito.

Nkhani yachikondi nchiyani kwenikweni?

Si buku lililonse lokhala ndi anthu okondana limene osindikiza amaliika m'gulu limeneli. Pali zinthu ziwiri zosasowa. Chikondi cha anthu awiriwo chiyenera kukhala msana wa nkhani yonse, osati kanthambi kapambali. Ndipo mathero ayenera kukhala osangalatsa: awiriwo apezane, woweranga atseke buku mtima uli m'malo. Bungwe la alembi otere ku America, Romance Writers of America, limafotokoza gululi ndi mfundo ziwiri zomwezi. Ndiye kuti sewero la Romeo ndi Juliet, ngakhale ladzaza chikondi kuyambira koyamba, silingalowe nawo, poti limathera kumanda.

Akatswiri ambiri akamalongosola mbiri ya mabukuwa m'Chingerezi amayambira pa Pamela, buku la Samuel Richardson la mu 1740, la mtsikana wantchito amene akukana zilakolako za bwana wake mpaka bwanayo asintha mtima namukwatira. Mu 1813 Jane Austen anatulutsa Pride and Prejudice: mwamuna wachuma wodzimva, mtsikana wanzeru wa m'banja lopanda zambiri, kusamvetsetsana, kenako ukwati. Mafupa a nkhani za Cartland ndi omwewa. Mtsikana wamng'ono, kawirikawiri wamasiye kapena wa m'banja logwa chuma, akumana ndi mwamuna wa udindo, wamkulupo, amene watopa ndi akazi a m'tauni. Pabwera chopinga, kaya ngongole, kaya mlezi wankhanza, kaya mkazi wina wansanje. Pomaliza mwamunayo azindikira kuti wakonda zenizeni.

Nanga ngati mathero akudziwika kale, munthu awerengerenji? Amene amapita ku ukwati amadziwa bwino lomwe kuti mkwati ndi mkwatibwi avomerana pamaso pa abusa. Palibe amene amavala suti kukaona ngati zitheke. Chomwe amapitira ndi kukaona mmene ziyendere: diresi, kwaya, perekaniperekani, azakhali ovuta aja akhala pati. Owerenga mabuku achikondi nawonso amagula ulendowo, pamodzi ndi lonjezo loti sakhumudwitsidwa patsamba lomaliza. Mabuku a apolisi ofufuza milandu ali ndi lonjezo lawonso, loti wakupha adziwika, koma iwo sanyozedwa nazo kwenikweni.

Mtsikana wa m'badwo wa nkhondo

Mary Barbara Hamilton Cartland anabadwa pa 9 Julaye 1901 ku Edgbaston, mumzinda wa Birmingham. Banja lake linali lopeza bwino, koma chuma chinaphwasuka ali wakhanda, agogo ake aamuna atagwa pamalonda ndi kudzipha. Bambo ake, Bertram, anafera kunkhondo ku France mu Meyi 1918. Mayi ake, Polly, anatsegula sitolo ya zovala ku London kuti alere ana atatu.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inasesa anyamata ambiri zedi, moti kalembera wa mu 1921 anapeza kuti ku England ndi Wales akazi anaposa amuna ndi pafupifupi 1.7 miliyoni. Nyuzipepala za nthawiyo zinkakamba za akazi amenewa ngati otsalira, osowa owakwatira. Ambiri analowa ntchito za m'maofesi, m'masitolo ndi m'sukulu. Anali ndi kandalama kawokawo ndiponso madzulo aatali. Owerenga oyambirira a Cartland anali a m'badwo umenewu. Iye mwini sanali m'gulu la osowa: ankanena kuti anakana amuna 49 asanalole kukwatiwa.

Anayamba ngati mtolankhani wolemba miseche ya anthu apamwamba mu Daily Express, nyuzipepala ya Lord Beaverbrook. Buku lake loyamba, Jigsaw, linatuluka m'zaka za m'ma 1920, ndipo pa nthawiyo linkaonedwa ngati lolimba mtima pa nkhani za amuna ndi akazi. Sewero lake lina linakanizidwa ndi ofesi imene inkaunika masewero ku Britain. Nzoseketsa mukaganiza kuti uyu ndi mayi yemwe uja amene pambuyo pake anadzakhala wolalikira za unamwali pa wailesi yakanema.

Mu 1927 anakwatiwa ndi Alexander McCorquodale, wa m'banja lolemera ndi ntchito yosindikiza, ndipo anabereka mwana wamkazi, Raine, mu 1929. Banjalo linatha mu 1933 pa mlandu umene mbali zonse zinkanenezana za chigololo. Mu 1936 anakwatiwa ndi Hugh McCorquodale, wachibale wa mwamuna woyambayo, nabereka Ian ndi Glen. Banja ili linakhala mpaka Hugh anamwalira mu 1963. Nkhondo yachiwiri inamulanda alongo ake onse awiri, Anthony ndi Ronald, amene anafa motsatizana kumapeto kwa Meyi 1940 pamene asilikali a Britain ankathawira ku Dunkirk, doko la ku France. Ronald anali phungu wa nyumba ya malamulo, ndipo mlongo wakeyu anadzalemba buku la mbiri yake, lokhala ndi mawu oyamba a Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain pa nthawiyo. Ena olemba za moyo wa Cartland amagwirizanitsa imfa zitatuzi ndi kukakamira kwake nkhani zimene mwamuna wokondedwa safa. Ndi maganizo omveka, koma ndi maganizo.

Msika: malaibulale olipira ndi mabuku a chikuto chofewa

Mlembi sangatulutse mabuku mazana ngati palibe wowameza. Ku Britain, theka loyamba la zaka za m'ma 1900, anthu wamba sankagula kwambiri mabuku a nkhani zopeka; ankabwereka molipira. Ngakhale sitolo ya mankhwala ya Boots inali ndi laibulale yake, imene inatsekedwa mu 1966. Munthu wolipira kuti azibwereka amafuna buku latsopano mlungu uliwonse, ndipo amafuna lofanana ndi limene linamusangalatsa mlungu watha. Apa mpamene panachokera njala ya mabuku ambiri a mtundu umodzi.

Kampani imene inamvetsa bwino njala imeneyi ndi Mills & Boon, yokhazikitsidwa mu 1908 ndi Gerald Mills ndi Charles Boon. Poyamba inkasindikiza zosiyanasiyana, koma pofika m'ma 1930 inali itatsamira pa nkhani zachikondi za m'malaibulale. Malaibulale olipira atayamba kufa, mabuku otchipa a chikuto chofewa analowa m'malo, ndipo kampani ya ku Canada, Harlequin, imene inkasindikizanso mabuku a Mills & Boon ku North America, inaigula mu 1971. Kachitidwe kake kanali ngati ka magazini: mabuku angapo mwezi uliwonse, a masamba ofanana, ndipo wogula amayang'ana dzina la kampani kuposa la mlembi. Timabuku timeneti tinafika kutali. Aliyense amene anafufuzapo milu ya mabuku akale kwa ogulitsa a m'misewu ya Blantyre kapena Lilongwe anationa.

Apa anthu amasokoneza. Amaganiza kuti Cartland ndi Mills & Boon ndi chinthu chimodzi. Koma mabuku ake ankatuluka kumakampani ena, monga Hutchinson, Pan ndi Bantam, ndipo chimene chinkagulitsa pachikuto chinali dzina lake. Tinganene kuti anali munthu mmodzi wochita zimene kwina zinkachitidwa ndi kampani yathunthu ya alembi ambirimbiri.

Nyengo ya Regency ndi mkangano wa Georgette Heyer

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Cartland anasiya pang'onopang'ono nkhani za masiku ake nayamba kuika ampangankhani ake m'mbiri yakale, makamaka zaka za m'ma 1800. Imodzi mwa nyengo zokondedwa inali Regency, zaka za 1811 mpaka 1820, pamene Mfumu George III inadwala misala ndipo mwana wake ankalamulira m'malo mwake. Inali nyengo ya nkhondo za Napoleon, ya ngolo za akavalo, juga, magule a olemera, ndi malamulo okhwima a yemwe angakwatire yani. Kwa mlembi wa zachikondi, malamulo okhwima ndi chuma, chifukwa ndiwo amapereka chopinga.

Amene anatsegula njirayi ndi Georgette Heyer, amene buku lake loyamba la nyengo imeneyi linatuluka mu 1935. Heyer ankafufuza mozama kavalidwe ndi kalankhulidwe ka nthawiyo. Mu 1950 woweranga wina anamutsina khutu kuti mabuku ena a Cartland akufanana kwambiri ndi ake, pa mayina, makhalidwe a ampangankhani ndi kayendedwe ka nkhani. Heyer anayerekeza mabukuwo mwatsatanetsatane napereka kwa maloya ake. Nkhaniyi sinafike kukhoti, ndipo anthu ambiri anadzaidziwa bwino mu 2011, pamene Jennifer Kloester anatulutsa buku la mbiri ya Heyer, onse awiri atamwalira kale.

Vuto lake nloti lamulo la umwini wa zolembedwa limateteza mawu ndi kapangidwe kenikeni ka ntchito ya munthu, osati ganizo wamba. Palibe mwini wa ganizo loti mwamuna wolemera akonde mtsikana wosauka. Koma mayina, zochitika ndi ziganizo zikayamba kufanana motsatizana, malire a kutengera chitsanzo ndi kuba amayandikana, ndipo popanda chigamulo cha woweruza aliyense amaika malirewo pomwe akufuna.

Kulemba ndi pakamwa

Chinsinsi cha liwiro lake sichinali chinsinsi konse, chifukwa ankachifotokozera atolankhani mosabisa. Sankagwira cholembera kapena taipilaita. Akadya nkhomaliro ankagona pasofa m'chipinda cha mabuku kunyumba kwake ku Camfield Place, m'chigawo cha Hertfordshire, kagalu kake kali pambali, nkumayankhula nkhaniyo mokweza, sekeletale akulemba mofulumira ndi zizindikiro zofupikitsa mawu. Masana amodzi ankatulutsa mawu pafupifupi 6,000 kapena 7,000, ndiwo mutu umodzi. Ena ankataipa, iye nkukonza. Mabuku ake a m'zaka zakumapeto anali aafupi, a mitu yowerengeka, choncho masana 7 kapena 8 otere ankakwana buku. Kuwonjezera kutaipa ndi kukonza, ndiko kuti buku limodzi pa milungu iwiri iliyonse. Chaka china cha m'ma 1970 anatulutsa mabuku 23, nalowa m'buku la Guinness lolemba anthu oposa anzawo onse pa zinthu zosiyanasiyana, ndipo anakhala pa liwiro la mabuku pafupifupi 20 pachaka kwa zaka zambiri, ali kale gogo wa zaka zopitirira 75.

Kulemba ndi pakamwa sikunayambe ndi iye. Mlakatuli wa ku England John Milton anachita khungu asanalembe ndakatulo yake yotchuka, choncho ankangoyankhula ena akulemba. Fyodor Dostoevsky wa ku Russia, atapanikizidwa ndi pangano la wosindikiza mu 1866, anamaliza buku lonse pasanathe mwezi pouza mtsikana wodziwa kulemba mofulumira ndi zizindikiro, amene anadzakhala mkazi wake. Choncho njirayi payokha sitiuza kanthu za ubwino kapena kuipa kwa buku.

Koma imasiya chizindikiro. Mabuku a Cartland ali ndi ndime zazifupi kwambiri, zokambirana zambiri, ndipo mtsikana wa m'nkhanimo amayankhula modukizadukiza, ngati wabanika. Otsutsa amati ndi kalembedwe kaulesi, kamene kakadakonzedwa mlembi akadakhala pansi nkubwereza. Omukonda amati nchifukwa chake mabukuwo amawerengeka mosavuta, ngakhale kwa amene Chingerezi si chinenero chawo, ndipo anamasuliridwa m'zinenero zoposa 30. Iye ankanena kuti pa buku lililonse ankawerenga mabuku ambiri a mbiri yakale, ndipo kumayambiriro ankaika kandime kofotokoza zoona za malo ndi nyengo ya nkhaniyo.

Pa kuchuluka, sanali yekha. Kathleen Lindsay, wobadwira ku England amene anamwalirira ku South Africa, akuwerengeredwa mabuku 904 pa mayina osiyanasiyana. Corín Tellado wa ku Spain analemba timabuku tachikondi pafupifupi 4,000. Tiwonjezerenso kuti mwa 723 aja, si onse anali nkhani zachikondi: munali mabuku a mbiri ya anthu, a moyo wake, a zaumoyo, a zophika ndi a makhalidwe, ngakhale achikondi anaposa 600.

Lamulo la unamwali

Chimene chinasiyanitsa Cartland ndi anzake m'zaka zake zakumapeto chinali chimodzi: mtsikana wa m'buku lake sagona ndi mwamuna asanalowe m'banja. Mwamunayo amaloledwa kukhala woti anayendayenda. Iye ankanena poyera kuti anasankha nyengo zakale chifukwa kumeneko owerenga sankavutika kukhulupirira kuti atsikana otere analipo.

M'zaka za m'ma 1970 msika unatembenuka. Buku la Kathleen Woodiwiss la mu 1972, lotuluka ku America, linatsegula khomo la nkhani zachikondi zofotokoza za kuchipinda mosabisa, ndipo makampani ambiri anatsatira. Cartland anakana kusintha, ndipo chodabwitsa nchoti zaka zomwezo ndizo anagulitsa kwambiri. Panali owerenga ochuluka amene ankafuna chikondi chotseka chitseko.

Otsutsa anali ambiri. Germaine Greer, m'buku lake la mu 1970 lokamba za ufulu wa amayi, anadzudzula nkhani zachikondi kuti zimaphunzitsa akazi kusirira mwamuna wowalamulira. Ena anaona kukondera m'lamulo loti mkazi akhale namwali pomwe mwamuna achita zofuna zake. Enanso anadandaula kuti dziko la m'mabukuwa ndi la olemera okhaokha, ndipo antchito amangooneka potsegula zitseko. Koma mu 1984 Janice Radway, wa ku America, anachita chimene otsutsa ambiri sankachita: anapita kukafunsa amayi owerenga mabukuwa. Ambiri anamuuza kuti kutenga buku kunali njira youzira a m'nyumba kuti ola lino ndi langa, pambuyo posamalira aliyense tsiku lonse. Radway sanagamule kuti mabukuwa ndi abwino kapena oipa. Anaonetsa kuti zimene buku likunena ndi zimene woweranga akuchita nalo zikhoza kusiyana.

Ngakhale pakati pa alembi panalibe chimvano. Cartland anali m'gulu la oyambitsa Romantic Novelists' Association mu 1960, pamodzi ndi Denise Robins ndi ena, bungwe lofuna kuti ntchitoyi ipatsidwe ulemu. Koma Catherine Cookson, wokulira mu umphawi kumpoto chakum'mawa kwa England, amene kwa zaka zambiri mabuku ake ndiwo ankabwerekedwa koposa m'malaibulale a Britain, sankakondwa kutchedwa mlembi wa zachikondi. Iye ankati amalemba mbiri ya anthu ovutika.

Mayi wa pinki

A ku Britain ambiri amene sanatsegulepo buku lake amamukumbukira ndi maso: madiresi a pinki, nsidze zoikirira, zodzoladzola zambiri, galimoto yoyera ya Rolls-Royce, ndi malangizo osatha a uchi ndi mavitamini. Mu 1978 anajambulitsa chimbale cha nyimbo zachikondi ndi gulu loimba la Royal Philharmonic Orchestra. Anthu ankamuseka, iye nkumapitabe pakanema, ndipo kusekedwako kunkagulitsa mabuku.

Kavalidweko kanaphimba ntchito zina zimene sizikumbukiridwa kwenikweni. Mu 1931 anathandiza kuyesa kukoka ndege yopanda injini ndi ndege ina pa mtunda wautali, ndipo anapatsidwa mphoto chifukwa cha zimenezi mu 1984. Pa nkhondo yachiwiri anasonkhanitsa madiresi aukwati ogwiritsidwapo kale kuti atsikana a usilikali azibwereka, m'nthawi imene nsalu zinkagulidwa ndi makuponi. Mu 1955 anasankhidwa kukhala khansala wa chipani cha Conservative ku Hertfordshire, nakhalapo zaka 9. Anamenyera malipiro a anamwino ndi azamba, ndiponso malo okhazikika a anthu oyendayenda a mtundu wa Romani kuti ana awo azipita kusukulu. Mu 1991 Mfumukazi Elizabeth II inamupatsa ulemu wa Dame.

Ubale wake ndi banja lachifumu nawo umasokoneza anthu. Sanali agogo enieni a Diana, uja anakwatiwa ndi Charles, mwana wa Mfumukaziyo. Mwana wake Raine anakwatiwa mu 1976 ndi Earl Spencer, bambo ake a Diana, choncho anakhala mayi womupeza. Diana ankakonda mabuku a Cartland ali mtsikana, koma Cartland sanapezeke pa ukwati wake ndi Charles mu 1981.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la chiwerengero. Ena amati mabuku ake anagulitsidwa makope 750 miliyoni, ena amati kupitirira biliyoni imodzi. Mabukuwo anatuluka kumakampani ambiri, m'mayiko ambiri, kwa zaka zoposa 70, zambiri mwa izo kusanabwere makina owerengera malonda a mabuku m'masitolo. Kodi ndi chiwerengero chiti chingatsimikizidwe, ndipo ndani angachitsimikize?

Lachiwiri ndi la Heyer. Kodi zimene zinachitika mu 1950 kunali kuba, kapena ndi mmene mtundu uliwonse wa mabuku umakulira, wina kuponda m'mapazi a mnzake?

Palinso la mabuku 160 aja. Buku lotuluka mwini wake atamwalira limadutsa m'manja mwa okonza amene sangamufunsenso kanthu. Kodi liwerengedwe pamodzi ndi amene iye anawaona ndi maso ake asanapite kosindikiza? Lamulo la ku Britain limateteza zolemba za munthu kwa zaka 70 iye atamwalira, choncho oyang'anira chuma chake ndiwo ali ndi mphamvu pa mabukuwa mpaka kumapeto kwa 2070.

Funso la Greer ndi Radway nalonso silinathe: kodi nkhani zotere zimaumba zimene atsikana amayembekezera m'banja, kapena owerenga amadziwa bwino kusiyanitsa nthano ndi moyo? Nanga kunyozedwa kwa mabukuwa kumachokera pa kalembedwe kake, kapena pa mfundo yoti olemba ndi owerenga ake ambiri ndi akazi? Ndipo ngati kompyuta itaphunzitsidwa mabuku onse a Cartland nkutulutsa lina lotsatira njira yomweyo, owerenga ake angalisiyanitse ndi ake enieni, ndipo atadziwa kuti ndi la makina angaligulebe?